Nyengo Imene Ndinali Mfumu ku Erdington

Fungo la majekete onyowa akamauma pa hita limandibwezera ku Erdington, dera lina la mzinda wa Birmingham, m'kanyumba kathu kopanikizana ndi tinzake, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Masamba anali atayoyoka, mdima unkatipeza tikadali m'njira pochokera kusukulu, ndipo mvula yake inali ija yopanda ulemu, yosagwa kwenikweni komanso yosaleka. Pawindo la kuchipinda kwanga pankachita nthunzi. Ndinkalembapo dzina langa ndi chala, Alinafe, kenako n'kumasuzumira m'zilembozo kuona magetsi a mabasi akusambira m'chifunga.

Tinali titatha chaka chimodzi ku England. Amami anali namwino pachipatala chachikulu cha ku Edgbaston, ndipo ndiwo anatibweretsa. Adadi kwathu ku Dedza anali ahedi a sukulu ya pulayimale, munthu woti akamadutsa pamsika anthu ankatsika panjinga. Kuno analibe ntchito. Ankadzuka m'mamawa, kumanga tayi, kuvala chipewa chawo chakuda ngati pali kopita, kenako n'kuchikoleka pamsomali n'kuyamba kutsuka mbale. Pamwamba pa filiji panali kalata yochokera kumudzi, yonena kuti akapanda kubwerera pofika Januwale, potsegulira sukulu, uhedi wawo upatsidwa kwa wina. Kalatayo ndinaiwerenga nditakwera pampando, popeza ukazitape ndinabadwa nawo. Ndinadziwa kuti akapita, apita okha.

Teremu imeneyo aphunzitsi athu, mayi wa tsitsi lofiira wonunkhira khofi, ankatiphunzitsa za mfumu ina ya dziko lino, yakalekale, ya kandevu kosongoka ndi maso a munthu amene sanagone. Ndalama zinkangoithera, ndipo ikati ipemphe kwa aphungu a nyumba ya malamulo, iwo ankayamba ndi madandaulo. Inapsa mtima n'kuwabalalitsa, n'kukhala zaka khumi ndi chimodzi osawaitana. Inayamba kukhometsa msonkho wa zombo ngakhale kwa anthu okhala kutali ndi nyanja, onga ife a ku Birmingham amene madzi athu ndi ngalande basi. Ngati zimenezo zachepa, inkafunanso kuti anthu onse azipemphera motsata buku limodzi, lokonda iyo. Kunabuka nkhondo, kenako mlandu, mapeto ake anaidula mutu ndi nkhwangwa. Anzanga ankangofuna kumva za nkhwangwazo. Ine ndinkaimvera chisoni, sindinama.

Tsiku lina anatitengera ku Aston kukaona chinyumba cha njerwa zofiira kumene mfumuyo inagonako. Munkanunkhira polishi ndi matabwa akale, ndipo pansi pankalira ukamaponda. Pamasitepe panali bala, mtengo wothetheka pamene chipolopolo cha mzinga chinamenya. Ndinaikapo chala aphunzitsi atayang'ana kumbali. Kuyambira tsiku limenelo mfumu ija inayamba kunditsatira. Ndinkaiona pasiteji ya basi m'chifunga, ikupapasa m'matumba. Ndinkaiona mushopu ya pakona ikunyamula mkate n'kuubwezanso pashelefu. Nthawi zina inkaima kutsidya kwa msewu wathu, kolala yake yoyera itanyowa, ikuyang'ana manambala a zitseko ngati yaiwala pomwe imakhala.

Aphunzitsi atanena kuti mu Januwale tidzachita sewero la mlandu wake, ufumu unagwera ine, kamtsikana ka ku Dedza ka mpata m'mano. Ankati m'kalasi monse ndine ndekha wotha kukhala phee osaseka.

Adadi atamva anadzambatuka ngati awathira madzi ozizira. Anadula katoni, anapanga chipewa chachitali, anachipaka polishi ya nsapato mpaka chinawala. Tikaweruka ankandikhazika pampando wa kukhitchini, iwo ataima, manja kumbuyo.

"Mfumu sithamanga polankhula, Alinafe. Khala tsonga. Ndipo chipewacho usavule. Ukavula ndiye kuti wavomera kuti khotilo ndi loona."

Iwo ankalankhula Chichewa, ine ndinkayankha m'Chingelezi, ndipo tinkamvana bwinobwino. Ankandibwerezetsa funso limene mfumuyo inkafunsa m'malo moyankha mlandu, lakuti oweruzawo mphamvu zoizengera anazitenga kuti. Kunena zoona iwo ankalinena bwino kuposa ine. Mawu awo a paasembule ankabwerera, mpaka makapu ankanjenjemera mukabati. Masana amenewo ndinkasangalala kwambiri, moti za kalata ija ndinkaziiwala.

Koma m'nyumba zinthu sizinali bwino. Adadi anali atalonjeza malata a tchalitchi cha kwawo, pomwe khadi ya kubanki inkakhala m'chikwama cha amami, ndipo amami ankati lendi kaye. Lamlungu amami ankakwera basi kupita ku Sparkhill, ku tchalitchi cha pamwamba pa shopu ya nsalu, kumene ankaimba ndi kiyibodi mpaka thukuta kamukamu. Adadi ankati kumeneko n'kuphokoso, n'kutsala ndi buku lawo la nyimbo lothothoka chikuto. Kenako awiriwo anangosiya kulankhulana. Patebulo mchere unkadzera mwa ine. Sutikesi yabuluu inatsika pamwamba pa wadirobu n'kukhala kuseri kwa chitseko, ili yasa. M'mutu mwanga za kusukulu ndi za kunyumba zinasakanikirana, ndipo ndinkachita mantha, chifukwa kumene nkhani yotere imathera ndinali nditaphunzira kale.

Lamlungu lina masana, Khirisimasi itangodutsa, kunabwera alendo awiri: a Phiri, bambo wachikulire woyendetsa basi, ndi mayi Mulenga a ku Zambia, anzawo a amami a kuntchito. Amami anawaitana kuti akhale ngati ankhoswe, adzamve nkhani ya banja lawo, poti ankhoswe enieni, amalume a mbali zonse ziwiri, anali kutali. Ine anandiuza kuti ndikwere kuchipinda. Ndinakwera masitepe atatu n'kukhala pansi. Chitseko cha pabalaza sichinkatsekeka bwino, alandilodi ankangolonjeza kudzakonza.

Pampata paja ndinaona adadi atakhala pampando wa pawindo, miyendo atapingasa, chipewa chakuda chili kumutu. M'nyumba, pamaso pa alendo, iwo amene ankati wovala chipewa m'nyumba sanaleredwe. A Phiri analankhula nthawi yaitali, mofatsa, akuzungulira nkhani ngati basi yawo. Mayi Mulenga anawonjezera m'Chinyanja chawo chofulumira. Atamaliza, adadi anakonza pakhosi.

"Pepani a Phiri, ine ndimakulemekezani. Koma inu si ankhoswe anga. Ankhoswe anga ali ku Dedza. Mphamvu zokhala pa nkhani ya banja langa wakupatsani ndani?"

 Anali mawu a kukhitchini aja, onenedwa mosathamanga, atakhala tsonga. Sindikunena kuti ndinkakhulupirira kuti a Phiri abisa nkhwangwa m'jekete, ayi, nzeru ndinali nazo ndithu. Koma ndinkadziwa ndi mtima wonse kuti munthu akafunsa funso limenelo atavala chipewa, sabwereranso kwa ana ake.

Mwana salowa pa nkhani ya ankhoswe, ngakhale ine wa ku Erdington ndinkadziwa zimenezo. Ndinakankhabe chitseko, ndinagwada pakapeti monga amami anandiphunzitsira, n'kutolera Chichewa changa chopindika chija.

"Adadi, vulani chipewa. Ayankheni. Mfumu ija sinayankhe."

 Mayi Mulenga anagwira pakamwa. Amami anati, "Iwe, tuluka," koma mawu awo anathyokera panjira. Ine ndinali nditayamba kale kulira, kulira kwake kuja kwa mamina, kosayenera mfumu. Adadi anandiyang'ana n'kundifunsa.

"Ndani wakuuza kuti ine ndine mfumu?"

"Palibe."

Anakweza dzanja pang'onopang'ono, anavula chipewa, n'kuchiika pabondo. Pamphumi panatsala mzere. Anatembenukira kwa a Phiri n'kuti, "Yambiraninso, achimwene. Poyamba paja sindimamvetsera."

Nthawi ino amami anandikweza okha mpaka kuchipinda, atandigwira khutu, koma osafinya. Pansipo anakambirana mpaka magetsi a mumsewu anayaka, ketulo inalira kawiri. Zimene anagwirizana sindinamve. Ndinangoona kuti mawa lake sutikesi yabwerera pamwamba pa wadirobu, ndipo patapita masabata awiri adadi anayamba ntchito panyumba ina yosamalira okalamba komweko ku Erdington, yowasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza pabedi. Ankabwera akununkhira sopo wa kuchipatala, msana atagwira.

Tsiku la sewero anafika mochedwa, kuchokera kushifiti, yunifolomu ikuonekera pansi pa jekete, ndipo anakhala kumbuyo kwenikweni kwa holo. Ine chipewa sindinavule. Ndinafunsa funso langa, anandiweruza, mnyamata wina wa chimfine anandidula mutu ndi nkhwangwa ya katoni, makolo n'kuomba m'manja. Pobwerera kunyumba adadi anandigulira tchipisi chotentha, chonunkhira viniga, n'kuti, "Wachita bwino. Koma pa funso paja unathamanga pang'ono." Mfumu ija sindinaionenso pasiteji ya basi.

Kwa zaka zambiri nkhaniyi ndinkaifotokoza ngati nthabwala, yakuti ndinapulumutsa mutu wa adadi ndi homuweki. Ndinkanyadira ndithu. Nditakula, tinapita awiri ku Dedza, ndipo m'mawa wina anati tiyende tikaone sukulu ija. Anali atamanga makalasi atsopano. Belu linalira, ana anathamanga kutidutsa mbali zonse, osayang'ana n'komwe, akukafola pamaso pa bambo wina wa tayi amene ankamutchula ahedi. Adadi anaima pageti, akuwerenga mizere ndi maso, milomo ikugwedera. Mlonda anabwera n'kuwafunsa mwaulemu kuti agogo akufuna ndani.

"Ayi, palibe," anatero adadi. "Ndangoperekeza mwana wangayu."

Ndili mwana ndinkati tsiku lija ndinawapempha kanthu kakang'ono, koti munthu amachita ndi dzanja limodzi. Nditaima pageti paja ndi pomwe ndinaona chimene ndinawapempha, ndipo manyazi anandigwira limodzi ndi chisoni. Anandipatsa osandiuza kuti chawadyera chiyani. Mpaka lero sanandiuze, ndipo ine sindinalimbe mtima kuwafunsa ngati amadandaula.