Tsamba limene ndinadya pakhonde la atenenti

Chingelezi ankatiphunzitsa asinyora ena, mkazi wa tenenti wa asilikali achipwitikizi amene anali ku Vila Coutinho nthawi ya nkhondo. Ankabwera kusukulu kawiri pa mlungu atavala nsapato zagogoda, akudzandira m'matope a pabwalo. Ine ankandidziwa bwino. Ndine ndinaika nanzikambe m'bokosi la choko, ndinenso ndinapaka chitedze pampando wa mlonda, ndipo zonse ziwirizo ndikazikumbukira ndimasekabe.

Lachisanu lina analemba zilembo ziwiri zokhala ndi timadontho: e.g. Anati ndi Chilatini chofupikitsa, exempli gratia, chimene Angelezi amalemba akafuna kunena kuti "mwachitsanzo". Ife amene tinkatumikira Misa ku Fonte Boa tinayang'anana monyada, ngati Chilatinicho n'cha kwathu.

"Simutchula zonse ayi," anatero m'Chipwitikizi. "Mutchula ziwiri kapena zitatu. Wowerenga adziwa yekha kuti zilipo zina."

Anatiuza kuti tilembe ziganizo zisanu pomwepo. Anzanga analemba za zipatso, mapichesi ndi magwafa. Ine ndinkafuna kuseketsa mnzanga amene tinkakhala naye benchi imodzi. Ndinalemba za nyama zandevu, e.g. mbuzi ndi aphunzitsi a masamu. Mnzangayo anaseka chamumtima mpaka mapewa kunjenjemera. Nditaona kuti zikuyenda, ndinatembenuza tsamba n'kulemba chomaliza: anthu ena amawoloka malire opanda giya, e.g. amalume anga ndi akatekisita.

Giya chinali chikalata cha ulendo chochokera kuboma. Amalumewo ankakweza kachewere ndi nyemba panjinga, n'kudutsa njira zachidule mpaka ku Dedza, kubwerako ndi mchere ndi sopo. Mlungu umenewo anali atandimana njingayo, ndiye ndinati ndiwalowetse m'Chingelezi. Maganizo anga anali oti mnzanga akaseka, tsambalo ndiling'ambe.

Belu lisanalire, asinyora anayamba kutolera makaderno athu, mabuku olembamo aja, mzere ndi mzere. Langa analisolola m'manja mwanga ndisanatseke n'komwe. Anawaika onse m'dengu lawo, nati akachonga kunyumba Lamulungu.

Titatuluka, mnzanga uja sankasekanso.

"Iwe, ukudziwa kumene kaderno lako likagone?"

"Kwa asinyora."

"Kwa atenenti. Munthu uja Chingelezi amawerenga ngati madzi." Anayang'ana uku ndi uku. "Ndiye tizilembo tako tija. Sunamve? Wowerenga adziwa yekha kuti alipo ena. Akakufunsa kuti enawo ndani, uyankha chiyani?"

Enawo ndinkawadziwa onse, pafupifupi theka la mudzi wathu wa kufupi ndi Lifidzi. Ndinkadziwanso zimene zinachitikira amuna awiri a mudzi woyandikana amene anagwidwa ndi matumba a mchere. Anawanena kuti akudyetsa anyamata a m'tchire omenyana ndi boma. Mmodzi anabwerako zala zosapindika. Winayo mkazi wake ankangopitabe kuboma kukafunsa.

Madzulo amenewo amalume anali pabwalo akumata mpira wa njinga, akuimba mluzu. Anandituma madzi a m'beseni kuti aone pobooka. Ndinawataya kawiri ndisanafike.

"Mphwanga, manja amenewa ndi ongogwirira lapisi basi?"

Ndinafuna kuwauza. Koma ndikanawauza akanathawira ku Malawi tsiku lomwelo, kusiya azakhali ndi ana anayi ndi munda wosakolola, chifukwa cha nthabwala ya pabenchi.

Loweruka m'mawa ndinathyola mapichesi m'munda wa amayi osapempha, ndinadzaza kadengu, n'kuyenda wapansi mpaka ku Vila. Njira yonse ndinkapanga mapulani n'kumawataya. Pachipata msilikali anatenga pichesi limodzi n'kundiuza kuti ndilowe.

Makaderno anali patebulo la pakhonde. Pambali pake panali atenenti, atavala kabudula, akumwa khofi. Kapu anali ataiika pamwamba penipeni pa mulu.

Asinyora anatuluka. Ndinawapatsa mapichesi ndi manja awiri, n'kunena zimene ndinakonza: kuti ntchito yanga sindinamalize, ndikupempha kaderno langa, ndibweza Lolemba.

"Ameneyu ndi uja wa nanzikambe," anauza amuna awo.

Atenenti anandiyang'ana mosangalala. Anachotsa kapu, nandifunsa nambala yanga, nayamba kufufuza mu mulumo. Analipeza. Sanandipatse. Analitsegula pa ntchito ya dzulo n'kuyamba kuwerenga mokweza, pang'onopang'ono, chala chili pamzere. Atafika pa mbuzi ndi aphunzitsi a masamu anaseka mpaka kutsokomola. Anawerenga chachitatu, chachinayi. Ananyambita chala kuti atembenuze tsamba.

Sindinaganize kanthu. Ndinangoona dzanja langa lili pa kaderno. Ndinang'amba tsambalo, kulikwinya, kuliponya m'kamwa. Pepala la kaderno ndi louma kuposa mmene munthu angaganizire. Linakakamira kukhosi, inki ikuwawa ngati mankhwala a malungo, ine ndikutafuna, misozi ili mbwembwembwe. Ndinameza kawiri, kachitatu linatsika.

Msilikali wa pachipata anali atafika pamasitepe, mfuti ili m'manja.

Atenenti anaimirira. Kuseka kuja kunali kutatheratu. Anandigwira chibwano, kunditsegula pakamwa, kuyang'anamo.

"Munali chiyani m'menemo?"

Apa ndi pamene ndinadziwa kuti munthu wodya pepala pamaso pa msilikali amakhala wanena kale kuti akubisa kanthu. Mkodzo unali pafupi. Ndinayang'ana pansi, ndipo pansipo ndinaona nsapato zagogoda zija.

"Zachipongwe, bwana tenenti."

"Nena."

"Ndinalemba kuti zolengedwa zina zimayenda modzandira." Ndinameza malovu a inki. "E.g. bakha ndi asinyora."

Atenenti anatembenukira kwa akazi awo, amene nkhope inali itafiira mpaka m'khosi.

"Angalembe zimenezo ameneyu?"

"Ameneyu angalembe zoposa pamenepo," anayankha.

Nanzikambe uja ndi chitedze chija zinandichitira umboni tsiku limenelo. Mlomo wa atenenti unagwedezeka pang'ono, anauletsa. Anandiwomba mbama imodzi yoti ndinakagwera pa mapichesi anga omwe, nauza msilikali kuti anditulutse.

Lolemba ndinalandira mbalamatodya, thabwa lija lomenyera m'manja, kasanu ndi kamodzi dzanja lililonse, pamaso pa sukulu yonse. Anandiimitsa milungu iwiri. Milungu imeneyo galimoto iliyonse ikamveka kumsewu ndinkathamangira kuseri kwa nkhokwe kukasuzumira ngati ikukhotera kwathu. Palibe inakhota.

Amalume atamva kuti ndatukwana mkazi wa mzungu, anandikalipira tsiku lonse.

"Ukufuna kutiphetsa iwe? Anthu tikuyenda mosamala, iwe uli kalikiliki kuputa asilikali ndi lapisi."

Ndinangoti, "Pepani amalume," manja ali m'madzi amchere, mchere wake wa ku Dedza womwewo.

Mlungu wotsatira anawolokanso ndi kachewere wawo, opanda giya monga mwa masiku onse. Pobwera anandiponyera kaderno latsopano, lachikuto chofiira, logula tsidya lija.

"Ulembemo zanzeru," anatero.

Zala zitaphwa, ndinatsegula tsamba loyamba. Ndinalemba bwinobwino, ndi timadontho tonse tiwiri, chiganizo chija cha bakha ndi asinyora. Ndinali nditamenyedwera kale, ndiye sizikanatheka kuti chikhale chosalembedwa.