Mtengo wa Banja la Lekeleni

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, mu Fomu 3 kwa Mitundu, nthawi ija chipani chinali chimodzi ndipo mwana wasukulu sankatsutsa mphunzitsi. Chaka chimenecho a Kachingwe a Histole ndi a Mbewe a Chingelezi anatipatsa ntchito imodzi: gulu lililonse lifufuze mbiri ya banja la mmodzi mwa ife, liilembe m'Chingelezi, mwini wake adzaiwerenge pamaso pa kalasi. A Mbewe anajambula pabolodi mtengo wa banja wa m'buku: bambo pamwamba, ana m'munsi.

M'gulu lathu maere anagwera Lekeleni, mtsikana wa ku Nathenje. Iye anangowerama. Bambo ake anachoka iye ali kumsana, ndipo anyamata ankamuseka nazo. Potuluka anandinong'oneza kuti tsiku lowerengalo sabwera, ngakhale amuchotse sukulu. Zinandiwawa, ndipo ine kugonja sindinabadwe nako. Ndinamuuza kuti Loweruka gulu lonse tipita kwawo.

Tinapalasa njinga m'fumbi mpaka ku Nathenje. Malume ake tinawapeza m'chigafa akusankha fodya, fungo lake likutiyetsemulitsa. Nditawaonetsa chojambula cha a Mbewe chija, chimene ndinakopera m'kope, anaseka.

"Mwauzondotsa mtengowu, ana inu. Kuno munthu timamuwerengera kwa mayi ake. Mkamwini ndi mlendo."

Anayambira pa Naphiri, mayi amene anamanga mudziwo, n'kutsika ndi ana ake aakazi, bele lalikulu ndi laling'ono, mpaka kufika pa Lekeleni. Tinajambula momwemo. Chingelezi chake tinatuluka nacho thukuta, dikishonale ikuyenda dzanja ndi dzanja.

Tsiku lowerenga lija Lekeleni anabwera. Anayamba kuwerenga motsitsa mawu, koma pofika pa agogo ake anali atalimba. Atamaliza, a Mbewe anayang'anitsitsa pepala lathu.

"Nanga bambo ali pati?"

Lekeleni analoza papepalapo.

"Ali m'mbalimu, aphunzitsi," anatero Lekeleni, "pamene pamakhala akamwini onse."

A Kachingwe anatembenukira mnzawo. "Kodi inu a Mbewe munakulira kwa yani?"

A Mbewe anakanda m'mutu. "Kwa amayi, pansi pa amalume."

Palibe anamusekanso Lekeleni. Lero ndikudziwa kuti chimene chinkamuchititsa manyazi sichinali banja lake ayi, koma chojambula chobwereka. Chingelezi chinanyamula mbiri yathu bwinobwino titangosiya kuizondotsa.