Phala la kamwana ka hatchi

Moni nonse a pa banja, imvani zachitika kuno ku Highfield.

Mukudziwa kuti Bambo anapeza ganyu yosamala mahatchi kuja. Kuli kamwana ka hatchi kamene kakangodya soya kamatsegula m'mimba. Ndiye dzulo abwana anawatuma ku Graniteside kukatenga chakudya chake chopanda soya, cha gaga, mpendadzuwa ndi manyuchi. Minibasi yopita kuntchitoko inasowa, thumba linagona kukhitchini kwathu.

Lero Bambo analawira kukaima pa mzere wa buledi. Mayi poona thumba lachilendo anangoti chithandizo cha kutchalitchi chafika. Anasefa, anaphika phala poto wamkulu uja, n'kuitana amayi anzawo a Mvano atatu.

Abale inu, phala lake kununkhira! Mmodzi wa iwo, Mayi Banda, anapala mbale mpaka kunyambita supuni, amvekere, "Azungu awa akudziwa kudya."

Bambo pobwera anangogwira kumutu. "Mayi a Chisomo, mwadyetsa Mvano chakudya cha hatchi! Abwana ndikawauza chiyani?"

Mayi osatekeseka ngakhale pang'ono. "Ife tikudya machanki a soya mwaka wonse, kaiko n'kandani koti kazisankha?" Mayi akuti tidzazitse thumbalo ndi machanki athu, Bambo akuti kakatsegulanso m'mimba ganyu yatha.

Panopa Mayi Banda atuma uthenga, akufunsa kumene akulembetsa mayina kuti nawonso azilandira. Ndiye mutiuze, tiwayankhe zoona, kapena tingoti akulemba a miyendo inayi okha?