Khosi la Botolo la Ababa

Ndinadzuka tambala asanalire, chifunga cha ku Lichinga chitameza ngakhale moto wa pasiwa. Linali tsiku loika ababa m'manda, koma mtima wanga unali pa chinthu chimodzi: achimwene anga asakhudze gitala.

Ababa anaphunzira gitala ku Joni, pomvera magalamafoni a anthu akuda a ku Amereka. Ankatereretsa khosi la botolo pa nsambo, gitala n'kumalira ngati munthu. Nyimbo yawo ina inali ya anthu otengedwa pa kamiyau, lole ya asilikali, osabwereranso. Amilisiya atawaopseza, ababa anachotsa mawu m'nyimbomo, koma ndani sankaidziwa? Achimwene anali atalonjeza kudzaiimba pamanda. Kuuma mutu kwa pamtundu pathu!

Kutacha anthu anakhamukira: a m'maofesi ndi majekete awo, alimi a ku Chimbonila, Asilamu a ku Meponda atasenza usipa wa chipepeso, msewu uli woopsa chomwecho. Amuna awiri a mfuti anaima pampanda. Sanapepese aliyense. Mmodzi anafunsa mayi wina wophika kuti mwana woimba uja ndi uti.

Ndinalowa m'nyumba, ndinasolola khosi la botolo m'jekete la achimwene, n'kulimanga pansonga ya chitenje.

Tinanyamuka mvula ya mawawa ikuwaza, a mfuti aja pambuyo pathu. Bokosi litatsitsidwa, achimwene anakoleka gitala, napisa m'thumba. Anapisanso lina. Kenaka anandiyang'ana, ine n'kuzolika. Popanda botolo nyimbo ija siituluka.

Ndiye nkhalamba ina ya chisoti choyera, ya ku Meponda, inayamba kung'ung'udza nyimbo ija kukamwa kuli kotseka. Amayi a mvano analandira. Posakhalitsa manda onse ankalira ngati gitala ya ababa, Myao, Mnyanja, Mkhristu, Msilamu, osadziwikanso woyambitsa. A mfuti ankangotembenuza makosi. Akanagwira yani?

Gitala tinaikwirira pamodzi ndi mwini wake.

Madzulo nyumba inali duu, phulusa lokha pabwalo. Kamiyau inafika pachipata, inachepetsa liwiro, kenaka inapitirira. Achimwene anatambasula dzanja osandiyang'ana.

“Bweretsa.”

Ndinamasula chitenje. Anakavala kuchala kagalasi kaja, nakhala akukayang'ana.

“Wandinamizitsa kwa ababa,” anatero.

“Eya, achimwene,” ndinayankha. “Koma mwagona pakhomo.”