Denga Lopanda Bowo

Mapepala onse a denga lija ndili nawo, m'chikwama chimene ndinkasungiramo mayeso ndili mphunzitsi. Pepala loyamba likuonetsa bowo pakati pa denga. Bowolo linali la mtengo wa mango umene anabzala malemu mkazi wanga.

Amayi ogulitsa tomato ku Mitundu ankasowa pobisala dzuwa ndi mvula, ndiye ndinapereka malo anga a m'mbali mwa msewu. Ndinapempha chinthu chimodzi chokha, kuti mtengowo usadulidwe. Wokonza pulani anali mwana wa mlongo wanga, amene anakulira m'nyumba mwanga mpaka kukaphunzira zomangamanga. Dengalo silinali la malata, koma la chinsalu cholimba ngati tenti, chokokedwa ndi zingwe zachitsulo.

Anandikhazika pakhonde n'kutsegula kompyuta.

"Amalume, maonekedwe a denga sindijambula ndine. Ine ndimangoiuza poima mizati ndi pomangirira chinsalu. Iyo imawerengera mmene chinsalucho chikungikire, kuti pasakhale pokhwepa podikha madzi."

Anasuntha mzati umodzi, denga lonse linapindika mwamtundu wina. Kenaka anaika mkombero pakati.

"Uwu ndi mtengo wa malemu amayi. Denga liziuzungulira."

Ndinamuuza kuti andisindikizire pepalalo, ndipo anatero.

Ntchito itangoyamba ndinagonekedwa kuchipatala cha Nkhoma chifukwa cha maso. Nditatuluka, chinthu choyamba chimene maso atsopanowo anaona bwinobwino chinali denga loyera, losalala, lopanda bowo. Pansi pake mayi wina anali atayala tomato pachitsa.

Mnyamatayo ndinamuitanitsa.

"Mtengo uli kuti?"

"Kompyuta inakana, amalume. Ndi bowo lija denga silimakhala bwino."

"Iwe, unandiuza wekha pakhonde pano kuti iyo imalandira zimene waipatsa. Mkombero uja anauchotsa ndani?"

Anayang'ana foni yake. "Zingwe zikanachuluka. Komanso mango akanamagwera pachinsalu n'kuchidetsa."

Akanabwera kuchipatala n'kundiuza zimenezi, tikanakangana ngati anthu. Iye anadikira tsiku limene maso anga anali omangidwa, kenaka mlandu n'kuukankhira makina.

Pepala lomaliza, lopanda bowo, ndinalitenganso. Lili pamodzi ndi loyamba lija. Amayi aja sindiwathamangitsa, sanalakwe kanthu. Koma mwana wa mlongo wangayo akabwera kudzandiona, mpando wake ndimauika pabwalo, padzuwa.