Mtanda Wofiira pa Mapu a Malume

Handulo ya njinga yakufa, yomangidwa ndi mphira kumpando wa ndalema: imeneyo ndiyo inali ndege ya malume.

Pa Mzimba tinali alendo. Amayi anali namwino, anawasamutsira kumeneko kuchokera ku Dedza, ndipo malume anatitsatira atawakana kusukulu ya oyendetsa ndege. Chilimwe chonsecho ankakhala pakhonde, mapu pamaondo, n'kumauluka ali pomwepo. Injini inali milomo yawo.

Asananyamuke ankawerengera ulendo. Malo alionse pa mapu ali ndi manambala ake awiri, a madigiri ndi mphindi, koma kamakina kawo kowerengera sikankadziwa mphindi. Kankangofuna madigiri ndi kadontho. Choncho mphindizo ankayamba azigawa ndi 60. "Digiri si kwacha, iwe," ankatero. "Ilibe matambala 100."

Masiku amenewo munthu wolemba manambala osadziwika ankayang'anidwa ndi diso la nkhwezule. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe ankayanika zovala zouma kale kuti asuzumire bwino. "Ŵakulemba vichi zuŵa lose?" ankafunsa m'Chitumbuka, kufuna kudziwa chimene malume ankalemba tsiku lonse, akumwetulira ndi mano okha. Ngakhale amayi ndinawapezapo akufufuza m'chikwama cha mlongo wawo yemwe. Sindiwaimba mlandu. Nthawi imeneyo sunkadziwa amene wakugulitsa.

Loweruka lina malume atapita kumsika, ndinati nane ndiuluke. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo kugawa ndi 60 kunkanditopetsa. Mzimba ali pa madigiri 11 mphindi 54, ndi madigiri 33 mphindi 36. Ine ndinangoponya kadontho pakati, n'kulemba m'mphepete mwa mapu 11.54 ndi 33.36. Ndinayeza ndi lula monga ankachitira iwo, ndipo pamene mizere inakumana ndinalembapo mtanda ndi cholembera chofiira. Mtandawo sunagwere pa Mzimba. Unakagwera cha ku Euthini, kufupi ndi malire a Zambia, kumene anthu ankanong'onezana kuti othawa boma amadutsira.

Lolemba ndinapita ndi mapuwo kusukulu kukadzitama. Aphunzitsi anayang'ana mapuwo nthawi yaitali, zala zawo za choko zikusiya zidindo zoyera pamalirewo. Anafunsa mwini wake, ine n'kutchula malume monyadira. "Yewo chomene," anathokoza m'Chitumbuka, "mbwenu ndisunge ine." Kupusa kwanga, ndinkayesa akawapachika pakhoma.

Lachitatu masana kunabwera amuna awiri pa galimoto yafumbi. Anayala mapu aja pakhonde n'kufunsa amene analemba mtandawo. Nditati ndiyankhule, amayi anandigwira phewa, zikhadabo zawo n'kulowa m'mnofu. Malume anawerama, nawerenga manambala anga. Ndinaona milomo yawo ikugwedera, ikugawa ndi 60. Anadziwa pomwepo chimene chinachitika, komanso amene anachichita.

"Ndalemba ndine," anatero, osandiyang'ana n'komwe.

Anawatenga. Anatenganso kamakina kaja, ndi handulo yomwe.

Lero ndikudziwa kuti amuna ajawo sanabwere kudzaphunzira masamu. Malume akanaloza ine, amunawo akanafunsa amene anatuma mwana, ndipo amayi akanakwera nawo galimoto ija. Malume anabwerako patatha zaka zitatu, ali ndi chifuwa chosatha, ndipo ndege ikamadutsa sankatukulanso mutu. Mpaka pano zimandiwawa.

Koma chilimwe chimenecho ndinali wokwiya nawo. Munthu amene sanaiwalepo 60 angavomere bwanji kulakwa kwa chibwana chotero? Ndinaganiza kuti vuto lonse ndi samuyo, ndipo ndikaikonza awabweza. Ndinang'amba pepala m'kope, ndinagawa bwinobwino kawiri konse, n'kulemba 11.9 ndi 33.6. Pansi pake ndinalemba kuti: apa ndi pa Mzimba, kwathu.

Ndinakaliika patebulo la aphunzitsi. Iwo analiwerenga, anachonga ndi cholembera chofiira kuti ndakhoza, n'kundibwezera.

Ndinathamangira kunyumba, ndinakhala pampando wa ndalema pepala lili m'manja, kudikira galimoto ija.