Pulezidenti Asanasaine

Elube Nowa amasoka zovala pakhonde la golosale kwa Msakambewa, ndipo anthu amati ndi mayi wa mawu ochepa. Kale sanali choncho. Ali mtsikana, ndiye anali pakamwa pa gulu la achinyamata a kutchalitchi, lomwe linkayenda m'midzi kuchita masewero otsutsa kukwatitsa ana. Nthawi imeneyo mtsikana ankatha kukwatiwa asanakwane zaka 18, bola makolo avomere.

Gululo litakaonana ndi phungu ku Dowa boma, Elube anabwerako ali ndi chimwemwe, atamva kuti kukubwera bilu yoletseratu kukwatitsa ana. Nkhondo yonseyi ankamenyera mng'ono wake Talandira, wa Fomu 1, amene Rodrick, mkulu wogula soya ku Madisi, anali atayamba kale kumufunsira kudzera kwa amalume awo, a Malizani.

Tsiku lina akusoka fodya m'chigafa, Elube anayamba kuwaphunzitsa amalumewo.

“Bilu imayamba yawerengedwa ku Nyumba ya Malamulo. Aphungu n'kukambirana, komiti n'kuiunika, kenako avote.”

“Akavota, basi lamulo?” anafunsa a Malizani.

“Ayi amalume, mpaka Pulezidenti asaine.”

“Ndiye asanasaine, munthu alibe mlandu?”

“Alibe.”

“Sukulu ndi yabwino ndithu,” anatero amalume, akukoka chingwe cha fodya.

Aphungu atavota, achinyamata anavina pabwalo la tchalitchi, Elube patsogolo. Sabata yomweyo ankhoswe a Rodrick anafika ndi tambala. Zomwe zikanadikira fodya agulitsidwe zinachitika fodya asanaume. Diresi la chinkhoswe anasoka Elube yemweyo, poti pamudzi panalibenso telala wina. Pomuyeza m'chiuno, Talandira anangoti, “Achemwali, mukanangokhala chete.”

Pulezidenti anadzasaina Talandira ali kale ndi pakati.

Lero Talandira ali ku Ntchisi ndi ana atatu. Amatumiza moni, koma kubwera ayi. Yunifomu yake ya Fomu 1 ikadali m'dengu la zigamba pansi pa makina, ndipo Elube sanaiduleko ngakhale kolala.

Achinyamata a masiku ano amabwera ndi mafoni awo, akufuna kudziwa momwe angafikitsire mawu ku Lilongwe. Elube sawabweza. Amaimitsa makina n'kuwafotokozera zonse, kuyambira kwa phungu mpaka ku siginecha. Akamanyamuka amawaitananso.

“Zimenezi muzikanena kwa phungu. Kunyumba muzingosoka fodya.”

Iwo amaseka, kuyesa nthabwala. Iye amaponda makina.